Mmene mungakonzere ulendo wa ndawala wosonkhetsa ndalama

Ngati mpingo kapena sukulu yanu ikufuna ndalama zogulira malata, yambani mwasankha komiti yaing'ono, ndipo msungichuma akhale munthu amene anthu amamukhulupirira kale. Lembani kalata kwa bwanamkubwa wa boma lanu ndiponso kupolisi nthawi ikadalipo, kuti apolisi apamsewu adzakuperekezeni. Patsikulo nyamukani m'mamawa, makamaka ngati ndi mwezi wa Okutobala, chifukwa dzuwa likakwera anthu amayamba kutsalira m'mithunzi ya mango. Mabokosi oponyamo ndalama akhale omata bwino ndiponso olembedwa manambala, ndipo amene alibe ndalama m'thumba muwapatse nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Ndalamazo muziwerenge pamaso pa anthu tsiku lomwelo, asanabalalike.