Kusema nyambo yamtengo yowedzera m'nyanja yamchere

Ine ndine kalipentala wa ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, ndipo ntchito yanga ya masiku onse ndi zitseko, mabedi ndi mipando. Nyanja yamchere ili kutali nafe. Kuchoka mumzinda wa Tete kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo ife a ku Angonia timayamba kaye tatsika mapiri athuwa. Koma alamu anga amakhala ku Beira ndipo amakonda kuwedza. Ndi iwo amene anandionetsa kansomba kochita kupanga, kogula m'sitolo, kamene asodzi kumeneko amawedzera ngati nyambo ndipo amangokatchula kuti rapala. Nditamva ndalama zake ndinati, "Alamu, ichi ndikakusemerani kwathu." Ndipotu mwini dzinalo, Lauri Rapala wa ku Finland, nayenso anayamba choncho mu 1936, kusema ndi mpeni n'kukuta ndi kapepala konyezimira.

Yoyamba imene ndinasema inali yokongola kwabasi, koma mbedza zake ndinazikoleka pa tizitsulo tomangira ngati sikuluwu. Tili kunyanja ku Inhassoro, kummwera kwa Beira, m'mamawa, nsomba inaigwira, ndodo n'kupindika, kenako chingwe chinangoti lende. Nditakoka, kamtengo kanabwera kali ndi zipsera za mano koma mbedza yakumchira palibe, itazuka pamodzi ndi kachitsulo kake. Kuchokera tsiku limenelo nyambo yanga iliyonse imakhala ndi waya mmodzi wodutsa mkati kuyambira kukamwa mpaka kumchira. Mtengo ukhoza kusweka nsomba ili kumbedza, koma waya uja amaigwirabe.

Mtengo umene ndimakonda ndi malaina, chifukwa ndi wopepuka, susweka wamba ndipo mpeni umayenda bwino. Paini amathekanso akakhala wouma ndiponso wopanda mfundo. Mlombwa ndi wolemererapo, ndiye ndimausungira nyambo zomira. Imene ndikufotokoza pano ndi yoyandama, yokamwa ngati supuni, imene imalavula madzi mukaikoka mwadzidzidzi.

Chekani timatabwa tiwiri totalika masentimita 15, tokwana masentimita 3.5 m'lifupi ndi mamilimita 18 kuchindikala kwake. Timateni ndi guluu wamatabwa pang'ono chabe, mutaika chidutswa cha nyuzipepala pakati. Guluu akauma, semani ngati ndi mtengo umodzi. Kumutu kukhale kwakukulu, thupi lizichepa pang'onopang'ono mpaka kumchira kutsale sentimita imodzi ndi theka. Muzisema uku mukutembenuza, ndipo muziiyang'ana kuchokera kumutu monga mmene timayang'anira thabwa ngati lawongoka. Mbali imodzi ikanenepa, nyamboyo idzayenda chogona m'madzi. Kamwa likumbeni ndi tchizulo chozungulira, kuya kwake mamilimita 8, mlomo wam'mwamba utulukeko pang'ono kuposa wam'munsi. Kamwali musalithamangire. Madzi a ku Beira amakhala amatope chifukwa cha mitsinje ya Pungwe ndi Buzi, choncho nsomba imayamba yamva phokoso isanaone chilichonse, ndipo "phu! phu!" ameneyo amachokera pakamwapo. Mukasalaza ndi sandipepa, lowetsani mpeni pamzere wa nyuzipepala paja, timatabwato tilekana bwinobwino.

Waya ayenera kukhala wosachita dzimbiri, wa mamilimita 1.6. Ine ndimamupeza kwa owotcherera zitsulo ku Moatize, amene amamutchula kuti inox. Muyeseni ndi maginito: wabwino sakakamira, kapena amangokoka pang'ono. Waya wa mpanda kapena sipoko ya njinga, mchere umazidya msanga. Khomani misomali itatu pathabwa molingana ndi kamwa, mimba ndi mchira wa nyambo yanu, ndipo pindani wayayo mozungulira misomaliyo kuti mupange timphete titatu. Nsonga zake zibwerere mkati ndipo muzipote ndi pulayala. Kamphete kakukamwa kakhale pakati pa supuni paja kapena kutsikako pang'ono. Kenako goneketsani wayayo pathabwa lililonse, lembani ndi pensulo, n'kusema kangalande koti agonemo osasiya mpata pomwe matabwa akumana.

Mtovu ndimatola kwa okonza matayala, tija amakhoma m'mbali mwa limu. Sikuti tonse ndi ta mtovu masiku ano. Kaleni ndi mpeni. Mtovu ndi wofewa ndipo umanyezimira pokalapo. Sindiusungunula ayi, chifukwa utsi wake ndi poizoni. Ndimangoudula n'kuusula ndi hamala, ndipo ndikatero ndimasamba m'manja ndi sopo ndisanagwire nsima. Ana asaseweretse zotsalira. Pa nyambo ya msinkhu uwu ndimayamba ndi magalamu 15, m'kabowo ka kunsi kwa waya, kuseri kwa mimba chakumchira. Kulemera kukakhala kumbuyo, nyambo imauluka molunjika ngakhale mukuponya moyang'anizana ndi mphepo ya kunyanja.

Tsopano apa ndi pamene ife okhala kumtunda timalakwitsa. Madzi a m'nyanja yamchere ndi olemera kuposa a m'chitsime, chifukwa lita imodzi imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Nyambo imene yakhala bwino mumgolo wa pakhomo, ikafika kunyanja imayandama pamwamba kuposa mmene munafunira, kamwa n'kumakhala kunja, ndiye imangotsetsereka osalavula madzi. Choncho ndimadzipangira nyanja yanga. Mu ndowa ya malita 20 ndimathiramo mchere wa kukhitchini magalamu 700 n'kutakasa mpaka usungunuke. Mayi a kunyumba poyamba ankadandaula nawo mcherewo, ndiye pano ndimagula wanga. Pakani kaye vanishi wopyapyala pa timatabwato kuti tisamwe madzi, ikani waya ndi mtovu, mangani ndi malegeni, kolekani mbedza zenizenizo zimene mudzagwiritse ntchito, ndipo ikani m'ndowamo. Mchira uyenera kumira, thupi lipendekeke, theka la kamwa likhale m'madzi. Ikagona chafulati, sunthirani mtovu kumbuyo kapena wonjezerani. Ikaima chilili ngati botolo, chepetsani. Muipidigule ndi chala. Ngati sibwerera yokha mimba pansi, mtovu uli pamwamba kwambiri. Nthawi zina ndimamasula n'kumanganso kasanu, ndipo sindiona kuti ndataya nthawi, poti mukamata basi, kukonza kwatha. Muisiye yopepukirako pang'ono, chifukwa guluu ndi penti zidzawonjezera magalamu angapo.

Zikauma, matani ndi epoxy, guluu wolimba wosakaniza mitundu iwiri, wochedwa kuuma uja, osati wa mphindi zisanu, amene salimba bwino m'madzi ndipo amasanduka wachikasu. Dzazani kangalande konse, makamaka pamene waya akutulukira, poti madzi amalowera pamenepo n'kutupitsa mtengo mpaka penti kung'ambika. Kuno mu Juni kumazizira, ndiye ndimaisiya masiku awiri ili yomangidwa. Mukakhala ku Tete mu Okutobala, muzisakaniza wochepa nthawi imodzi chifukwa kutentha kumamuumitsa akadali m'kachitini.

Za penti sindichulutsa. Thupi loyera, mutu wofiira, maso awiri akuda, basi. Mukafuna kunyezimira, matani kapepala ka aluminiyamu m'mbali n'kukasalaza ndi msana wa supuni. Pamwamba pakani epoxy kawiri, ndipo poyamba muziitembenuza mphindi zingapo zilizonse kuti asadonthere mbali imodzi.

Mbedza ndi timphete tolumikizira gulani zolimba, zopangira madzi amchere, ndipo apa musaumire ndalama. Onetsetsani kuti mbedza ya pamimba ndi ya kumchira sizikukolana mukaigwedeza. Nsomba monga serra ndi barracuda zili ndi mano odula chingwe, choncho pakati pa chingwe ndi nyambo ikanipo waya wa masentimita 30. Amene anawedzapo mcheni, nsomba ya mano akuthwa ya mu Zambezi, ku damu la Cahora Bassa akudziwa kale zimenezi. Mcheninso amaigwira nyambo yotereyi, koma ndimamusemera yaing'ono, ya masentimita 10, yokhala ndi mbedza ya msonga imodzi yakuthwa kwambiri, chifukwa kamwa lake ndi lamafupa.

Popita ku Beira ndimaima ku Tete n'kukaiponya kangapo mu Zambezi, nditaima patali ndi madzi chifukwa cha ng'ona. Imakhala yomirako pang'ono kuposa mmene idzakhalire kunyanja, ndipo zimenezo sizindidetsa nkhawa. Chimene ndimafuna kuona n'chakuti siikuzungulira ndipo ikulira. Kokani ndodo mwamphamvu kamodzi, dikirani mafunde aphwe, kokaninso. Nthawi zambiri nsomba imagwira pa kudikirapo.

Mukaweruka kunyanja, tsukani nyambo ndi madzi akumwa ndipo muiyanike pamthunzi. Pamene mano aboola, dikirani paume n'kudonthezapo supagulu. Ya mutu wofiira imene ndinawasiyira alamu chaka chatha yabwera ndi mabowo 11, waya ali bwinobwino, ndipo ili pabenchi panga pano kudikira epoxy watsopano.