Kudzala mbawa pamalo aakulu: zimene ndinauza mphwanga wa ku Domasi

Mphwanga amene amagwira ntchito ku England atagula malo a maekala awiri cha ku Domasi, anandiimbira foni usiku wina. "Amalume," anatero, "ndikufuna mitengo ikuluikulu ya mthunzi ngati ash imene ndimaiona kuno. Ndibweretse mbewu yake?" Ndinamuuza kuti asavutike. Ash ya ku Ulaya inazolowera chisanu, osati dzuwa lathu la mu Okutobala, ndipo kwawo komweko ikufa. Matenda a fangasi amene anayamba kuonekera ku Poland cha m'ma 1990 anatsimikizika ku Britain mu 2012, ndipo ku America kachirombo kobiriwira kamene kanapezeka kufupi ndi Detroit mu 2002 kaumitsa mitengo yosawerengeka. Ngakhale mbewuyo ikanakhala yabwino, singalowe m'dziko popanda chilolezo.

Ndinamuuza kuti adzale mbawa. Akatswiri amaitcha Khaya anthotheca, mabuku akale amati Khaya nyasica. Ndi mtengo wathuwathu, wokonda m'mbali mwa mitsinje ndi malo a mvula yambiri ngati kunsi kwa phiri la Zomba kuno. Thunthu lake limawongoka, mthunzi wake ndi wandiweyani, ndipo matabwa ake ofiira amisiri a mipando amawalimbirana.

Koma mbawa ndi chimtengo. M'nkhalango ya Chirinda ku Zimbabwe muli ina yopitirira mamita 60. Yanu mwina sidzafika pamenepo, komabe muipatse malo ngati idzafika. Izi ndinaziphunzira mowawa. Mbawa yanga yoyamba ndinaidzala mamita asanu okha kuchokera pakhonde, pofuna kuti ana azisewera pamthunzi. Patapita zaka, simenti ya pakhonde inayamba kutukumuka ndi kung'aluka, nthambi zikukhula malata mphepo ya mwera ikamawomba. Tsiku limene tinaigwetsa sindinadye nsima. Tsono inu siyani mamita 15 kapena 20 kuchokera kunyumba, ku thanki ya chimbudzi ndi ku mawaya a magetsi. Pakati pa mtengo ndi unzake siyani mamita 10. Poyamba padzaoneka ngati mwawononga malo. Dzalanipo nthochi kapena nandolo, ndipo chifukwa chake ndichitchula kutsogoloku.

Mbewu yake siisungidwa. Chipatso cha mbawa ndi kampira kolimba, kotuwa, ndipo kakauma kamang'ambika magawo anayi kapena asanu, njere zopyapyala zofiirira n'kumauluka ndi mphepo. Tolani zimene zangogwa kumene, muziyang'ane imodzi imodzi. Ya kabowo itayeni, tizirombo talowa kale. Mukazisunga m'kabati miyezi ingapo zambiri sizimera. Ngati pafupi palibe mtengo wobereka, kafunseni ku Forestry Research Institute of Malawi, imene tonse timangoti FRIM. Ili konkuno ku Zomba ndipo mbewu za mitengo ndi mbali imodzi ya ntchito yawo.

Ine m'machubu ndimaika magawo atatu a dothi lakuda la pamwamba, gawo limodzi la manyowa owolerana bwino, ndi limodzi la mchenga wa kumtsinje. Njere ndimaigoneka chafulati n'kuikwirira pang'ono chabe, osapitirira sentimita imodzi. Pamwamba pa nazale ndimamanga kathandala ka udzu. Pakatha masabata awiri mpaka anayi mudzaona timasamba. Muzisuntha machubu pakapita masabata awiri alionse kuti muzu usaboole pansi n'kugwira nthaka, chifukwa mukadzauzula mokakamiza mbande imafooka. Kukatsala mwezi kuti mudzale, yambani kupatula udzu wa pathandala kuti mbande zizolowere dzuwa.

Maenje kumbani mu Novembala, mvula isanakhazikike: masentimita 60 kuya, 60 mulifupi. Dothi la pamwamba ikani mbali ina, la pansi mbali ina, ndipo pokwirira muyambe ndi la pamwamba losakaniza ndi ndowa imodzi ya manyowa. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala, koma musangoyang'ana kalendala, yang'anani nthaka. Ikanyowa mpaka pansi pa dzenje, dzalani madzulo. Ng'ambani chubu, musachisiye m'dzenje, ndipo musakwirire tsinde kupitirira pamene dothi la m'chubu linalekezera. Malo ambiri a kuno ndi otsetsereka, choncho kumunsi kwa mbande umbani kamzere kokhota ngati mwezi kuti madzi aziima.

Tsopano nayi nkhani imene ndimafuna muimvetse kuposa zonse. Mdani wamkulu wa mbawa yaing'ono ndi mbozi yoboola nsonga, imene akatswiri amaitcha Hypsipyla robusta. Kagulugufe ka usiku kamaikira mazira pa mphukira yanthete, mbozi ikaswa imalowa m'kati n'kumadya mtima wa nsonga chotsika. Mtengo sufa ayi. Chimene chimachitika n'chakuti nsonga ikafa, pamaphuka nthambi zitatu kapena zinayi, ndipo m'malo mwa thunthu limodzi lowongoka mumakhala ndi chitsamba cha mphanda. Mtengo wa mphanda ukadzakula umang'ambika pakati mphepo yamkuntho ikabwera, ndipo matabwa ake ndi afupiafupi.

Muziyendera mbande zanu m'mawa, kamodzi pa sabata, makamaka nthawi ya dzinja pamene zikuphukira. Nsonga yogwidwa imazyolika ngati yasowa madzi pamene nthaka ili yonyowa. Mukawerama n'kuyang'anitsitsa pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde, mudzaona timibulu tofiirira ngati utuchi, tomatana ndi utomoni ndi ulusi ngati wa kangaude. Pamenepo ndiye pakhomo pake. Tengani mpeni wakuthwa, dulani m'munsi mwa bowolo, ndipo yang'anani podulidwapo: ngati pakati pali mphako kapena pakuda, dulaninso kunsi mpaka muone mtima woyera. Kansonga kodulako kang'ambeni ndi chala, mbozi mudzaipeza m'katimo. Ipheni, musaitaye pansi yamoyo. Mphukira zatsopano zikatalika ngati chikhatho, sankhani imodzi yamphamvu ndi yowongoka, zinazo muthothole. Mtengo umodzi wa kuseri kwa nyumba yanga ndinauchita zimenezi kanayi m'zaka zitatu, ndipo lero simungadziwe pamene ndinadula.

Apa ndi pamene nthochi ndi nandolo zija zimathandiza. Mbawa zodzalidwa zokhazokha pamtetete ndi zimene mbozi imazipeza msanga. Ikakhala pakati pa zomera zina, ndi kamthunzi kochokera m'mbali, imathamangira kumwamba kufuna dzuwa ndipo sichita nthambi zambiri. Koma musaiphimbe pamutu. Nthochi ikaitsekera kumwamba, idulireni masamba.

Masamba atsopano a mbawa amatuluka ofiira, kenako n'kusanduka obiriwira. Si matenda. Ndanena izi chifukwa mnyamata wosamalira malo a mphwanga anafuna kuwapopera mankhwala.

M'chilimwe choyamba ndi chachiwiri thirirani ndowa imodzi ya malita 20 pa mtengo uliwonse kamodzi pa sabata, kawiri kukatentha kwambiri mu Okutobala. Kuthira timadzi tochepa tsiku ndi tsiku kumangozoloweretsa mizu kukhala pamwamba. Phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, siyani mpata wa zala zinayi kuopa chiswe. Mbuzi zitchingireni ndi kampanda ka nsungwi kofika m'chiuno. Lambulani udzu kuzungulira malo onse lupsa lisanayambe, pakuti moto umodzi umatha ntchito ya zaka zitatu. Potengulira chotsani nthambi za m'munsi zokha, ziwiri kapena zitatu pa chaka, ndi sowo, osati chikwanje chimene chimasiya bala long'ambika.

Mtengo ukakula mudzakumana ndi alendo ena: anthu osenda khungwa lake lowawa kuti akachite mankhwala. Sindikangana nawo, koma ndimawapempha kuti atenge kachidutswa mbali imodzi, asazungulize thunthu, chifukwa khungwa likachoka kuzungulira mtengo umauma uli chiimire.

Mphwanga anadzala mbawa 12 m'malire a malo ake. Ziwiri zinadyedwa ndi mbuzi kampanda katagwa, tinabwezeretsa zina chaka chotsatira. Loweruka lapitali ndinakwera minibasi kukaziona, mpeni uli m'thumba. Zisanu ndi ziwiri zandipitirira kale msinkhu. Pa imodzi ya kufupi ndi chitsime ndinapeza utuchi uja pansonga, ndinadula, ndipo ndamuuza mnyamata uja kuti pakatha masabata atatu andiimbire tidzasankhe mphukira yosiya.