Momwe mungakonzere ulendo wokathamanga marathoni ya mumzinda wa Cape Town

Marathoni ya Cape Town, imene dzina lake lonse ndi Sanlam Cape Town Marathon, ndi mpikisano wa makilomita 42.195 umene umazungulira m'misewu ya mzindawu kuyambira ndi kuthera ku Green Point, pafupi ndi bwalo la zamasewero la DHL Stadium. Kwa wothamanga wochokera ku Malawi kapena kum'mawa kwa Zambia, uwu ndi umodzi mwa mipikisano ikuluikulu imene angaifikire popanda kuvutika ndi viza, ndipo nthawi ya kumeneko ndi yofanana ndi ya kwathu. Komabe chimene chimagwetsa anthu ambiri pa ulendo wotere chimakhala dongosolo la ulendowo: amafika mochedwa, miyendo itatupa m'basi, kapena amathera mphamvu pokaona malo tsiku la mpikisano lisanafike. Zimene zalembedwa m'munsimu zikutsata ndondomeko imene ndikukhulupirira kuti munthu ayenera kuitsatira.

Yambani ndi tsiku ndi kulembetsa

Musanagule tikiti ya basi kapena ya ndege, pitani pa tsamba la intaneti la okonza mpikisanowu, mutsimikize tsiku lake, ndipo mulembetse. Kwa zaka zingapo marathoni imeneyi inkachitika mu Okutobala, koma okonza anaisamutsira ku Meyi kuyambira 2026, choncho zimene munamva kwa munthu amene anathamanga kale zokhudza nyengo ndi mavalidwe sizingakhale zoona lero. Malo amatha miyezi yambiri tsikulo lisanafike, makamaka chifukwa mpikisanowu unayamba kuyesetsa kulowa m'gulu la marathoni akuluakulu a padziko lonse lotchedwa Abbott World Marathon Majors, momwe muli mipikisano ya London, Boston, Berlin, Chicago, New York, Tokyo ndi Sydney, zimene zakopa othamanga ambiri ochokera kunja kwa Africa.

Samalani kuti musasokoneze mpikisanowu ndi wa Two Oceans, umene umachitikiranso ku Cape Town koma ndi wa makilomita 56 ndipo uli ndi zitunda zovuta. Lembetsani ngati wothamanga wochokera kunja, ndipo dzina mulilembe ndendende mmene lilili mu pasipoti yanu. Malipiro amachitika ndi khadi la kubanki, ndipo popeza ndalama zakunja zakhala zikusowa m'Malawi, kambiranani ndi banki yanu pasadakhale kuti mudziwe ngati khadi lanu lingalipire kunja komanso malire ake. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku Cape Town komweko, angathe kukulipirirani ndi marandi inu n'kubweza makwacha kwa abale ake kuno.

Amene mukupita nawo asadandaule ngati sangathe makilomita 42, chifukwa Loweruka, tsiku loti mawa lake ndi marathoni, kumakhala mipikisano ya makilomita 5 ndi 10 komanso ina yothamanga m'tinjira ta m'mapiri.

Pasipoti ndi njira

Mzika ya Malawi imaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30. Pasipoti ikhale yoti idzagwirabe ntchito kwa masiku osachepera 30 kuchokera tsiku lotuluka m'dzikomo, ndipo ikhale ndi masamba opanda zidindo. Ngati yanu yatsala pang'ono kutha, pitani ku Immigration mwezi womwewo umene mwalembetsa, osadikira. Sindikizani papepala kalata yotsimikiza kuti mwalembetsa mpikisano, ya malo ogona ndi tikiti yobwerera, chifukwa pachipata angakufunseni chimene mukukachita ndi kumene mukafikire.

Njira zilipo ziwiri. Pa ndege mumanyamuka ku Kamuzu International Airport ku Lilongwe kapena ku Chileka ku Blantyre mpaka ku O. R. Tambo ku Johannesburg, kenaka n'kukwera ina ya maola awiri kupita ku Cape Town. Pa basi mumadutsa ku Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ulendo umene umapitirira tsiku lathunthu ndipo umatalika kwambiri pakakhala mzere wautali pa Beitbridge. Mukafika ku Johannesburg mumakhala mwatsala ndi makilomita pafupifupi 1,400 a msewu wa N1.

Pano ndi pamene ndikufuna kutsindika. Basi ndi yotchipa, ndipo palibe chochititsa manyazi kuikwera, koma munthu amene wakhala pampando masiku awiri miyendo itapindika, akugona mwa apo ndi apo ndi kumwa madzi ochepa poopa kusowa kokataya madzi, sangathamange bwino patangopita tsiku limodzi. Ngati thumba likulola gawo limodzi lokha la ndege, likhale la Johannesburg kupita ku Cape Town popita, ndipo basi muisungire pobwerera, pamene miyendo ilibenso ntchito. Wobwera pa basi njira yonse afike Lachitatu, ndipo pamene basi yaima azitsika n'kuyendayenda. Wa ndege angafike Lachinayi kapena Lachisanu m'mawa. Nsapato zothamangira ndi zovala za tsikulo muziike m'chikwama cha m'manja, chifukwa katundu wina aliyense akasochera mungagule wina, koma nsapato zimene phazi lanu lazolowera simungazipeze m'sitolo.

Kukonzekera thupi

Wothamanga amene amatha kale makilomita 10 popanda kuima amafunika miyezi inayi kapena isanu yokonzekera. Kamodzi pa sabata muzithamanga mtunda wautali pang'onopang'ono, n'kumauwonjezera mpaka kufika makilomita 30 kapena 32 patatsala masabata atatu, kenaka muchepetse kuti thupi lipume. Mpikisano wa mu Meyi ukutanthauza kuti mitunda yanu yaitali idzagwera mu Febuluwale, Malichi ndi Epulo, mvula isanathe bwino, choncho sankhani msewu wa phula umene suchita matope ndipo muziyamba m'bandakucha magalimoto asanachuluke. Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja, pamene Cape Town ili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, ndipo zimenezi zimapatsa mwayi pang'ono wopuma mosavuta. Mwayi umenewu usakunyengeni kuyamba ndi liwiro limene simunaliyesepo.

M'zaka zapitazi nthawi yomalizira mpikisano inali maola 6 ndi theka, ndipo pamakhalanso malo ena m'njira amene muyenera kudutsa nthawi yake isanakwane. Werengani malamulo a chaka chimene mukupita.

Malo ogona, chakudya ndi nambala ya pachifuwa

Funani chipinda ku Green Point, Sea Point, Mouille Point kapena pakati pa mzinda, poti m'mawa wa mpikisano misewu yambiri imatsekedwa ndipo ndi bwino kufika poyambira wapansi. Malo amenewa ndi odula, koma anthu atatu kapena anayi akasonkherana nyumba yokhala ndi khitchini mtengo umatsika. Ngati mufikira kwa m'bale amene amakhala kutali ndi tawuni, konzani galimoto dzulo lake ndipo mufunse pamene angakutsitseni, kapena mulipire chipinda chapafupi usiku wa Loweruka wokha.

Khitchini ndi yofunika pa chifukwa china. Ufa wa chimanga umapezeka mu Shoprite, Checkers ndi Pick n Pay, choncho mungathe kuphika nsima kapena mpunga umene mimba yanu inauzolowera m'malo moyesa zakudya zachilendo. Madzulo a Loweruka idyani msanga, ndiwo zikhale zopanda mafuta ambiri ndi tsabola, ndipo nyemba ndi masamba ochuluka muzisiye kaye. Tengani kachipangizo kosinthira pulagi, chifukwa masoketi a ku South Africa ali ndi mabowo ozungulira, osiyana ndi a ku Malawi, ndipo wotchi ndi foni ziyenera kukhala ndi moto.

Nambala ya pachifuwa mumakatenga nokha pa chionetsero cha malonda a zothamangira chimene chimachitika masiku otsogolera mpikisano, ndipo m'zaka zaposachedwa chimakhala ku DHL Stadium. Pitani ndi pasipoti, makamaka Lachisanu, mzere usanatalike. Kumeneko kumagulitsidwa nsapato, masokosi ndi timapaketi topatsa mphamvu tosiyanasiyana. Gulani ngati mukufuna, koma Lamulungu musavale kapena kudya chilichonse chimene simunachiyese pokonzekera.

Mphepo ndi tsiku lenilenilo

Aliyense wodziwa mwera wa pa nyanja ya Malawi amvetsa mphepo ya ku Cape Town, imene nayonso imachokera kum'mwera chakum'mawa ndipo eni mzinda amaitcha Cape Doctor. Pa 19 Okutobala 2025 mphepo inaononga zomangira za pamalo oyambira ndi m'njira, ndipo mpikisano unalephereka m'mawa womwewo, othamanga pafupifupi 24,000 atakonzeka. Mu Meyi mphepo imeneyi imachepa, koma ndi nthawi imene mvula ya dzinja la kumeneko imayamba ndipo m'mawa kumazizira. Tengani juzi yakale yoti muvale podikira kuyamba n'kuisiya, komanso foni ikhale yoyaka usiku wonse kuti mulandire uthenga wa okonza.

Idyani chakudya cham'mawa maola atatu musanayambe, monga phala, buledi ndi nthochi, ndipo pakani mafuta m'malo okhulana, m'ntchafu ndi m'khwapa. Othamanga amaikidwa m'magulu molingana ndi liwiro lawo, choncho imani m'gulu lanu. Njira imasintha pang'ono chaka ndi chaka, koma yakhala ikudutsa ku Woodstock, Salt River ndi Rondebosch, n'kubwerera pakati pa mzinda, kenaka n'kutsata gombe la Sea Point chakumapeto. Ndi njira yopanda zitunda zazikulu, ndipo ndi pamenepa pamene Glenrose Xaba anathamanga maola 2, mphindi 22 ndi masekondi 22 mu 2024, n'kuswa mbiri ya amayi a ku South Africa pa mpikisano wake woyamba wa mtunda umenewu. Kusalala kwa njira kumakopa anthu kuthamanga mopyola m'makilomita 10 oyambirira, ndipo amavutika akafika pa makilomita 32. Yambani pang'onopang'ono kuposa mmene mtima ukufunira, imwani pang'ono pamalo aliwonse a madzi, ndipo mphepo ikakhala yochokera kutsogolo thamangani kumbuyo kwa gulu. Gawo la Sea Point limavuta m'maganizo chifukwa mumadutsa pafupi ndi pomalizira mudakali ndi makilomita angapo oti mupite ndi kubwerera, choncho liwerengeni pa mapu musanafike.

Kuona mzinda kubwere pambuyo

Loweruka si tsiku lokwera phiri la Lion's Head kapena kuyendayenda m'masitolo a ku V&A Waterfront. Zonsezo zisungireni Lolemba ndi Lachiwiri, ndipo musankhe zosafuna kutsika masitepe ambiri, chifukwa ntchafu zimapweteka kwambiri pa tsiku lachiwiri. Pamwamba pa Table Mountain mungafike ndi kangolo koyenda pa chingwe, kamene kamaimitsidwa mphepo ikakula, choncho pitani tsiku loyamba limene kwacha bwino. Boti lopita ku Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, limanyamukira ku Waterfront, ndipo matikiti ake ndi ofunika kugula pa intaneti masiku angapo pasadakhale. Pakati pa mzinda pali District Six Museum, imene imafotokoza za anthu oposa 60,000 amene anachotsedwa m'dera lawo boma la tsankho litalengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha.

Poyenda mumzinda gwiritsani ntchito mabasi a MyCiTi, amene amafuna khadi lawolawo, kapena Uber ndi Bolt, ndipo usiku musayende nokha foni ili m'manja. Ngati mukubwerera pa basi, musanyamuke Lolemba. Dikirani mpaka Lachiwiri madzulo kapena Lachitatu, muzimwa madzi okwanira, ndipo muwerenge bwino masiku amene anakudindirani mu pasipoti kuti mutuluke pa Beitbridge asanathe.