Malangizo Oonjezela RAM na Kuika SSD mu Kompyuta ya Desktop

Malangizo awa ni a kompyuta ya bokosi imene imakhala pa thebulo kapena pansi pake, osati laputopu. Kompyuta ikayamba kucedwa, kambili vuto silikhala pa purosesa. Cimene cimacitika n'cakuti RAM (pamene kompyuta imasungila kwa kanthawi zimene ikuseŵenzelapo) yacepa, kapena Windows ikali pa hard disk yakale yokhala na mbale zozungulila m'malo mwa SSD, disk yothamanga yopanda cozungulila. Zonse ziwili mungazisinthe nokha na sikuludilaiva imodzi ya mutu wa mtanda. Pamene anthu ambili amatayila ndalama ni pogula, conco yambani na mbali yotsatilayi.

Mukalibe kugula

RAM ili na mibadwo, ndipo siloŵelana. Stiki (kathabwa ka RAM) ya DDR3 ili na mapini 240 ndipo imaseŵenza na mavoti 1.5. Ya DDR4 ili na mapini 288 na mavoti 1.2. Ya DDR5 nayonso ili na mapini 288, pa mavoti 1.1, koma kampata ka pakati pa mapini kali pamalo ena, mwakuti singaloŵe m'siloti ya DDR4 olo mukanikize bwanji. RAM ya laputopu ni yaifupi, imachedwa SO-DIMM, ndipo singagwile nchito mu desktop wamba.

Kuti mudziŵe imene muli nayo, dinizani Ctrl, Shift na Esc panthawi imodzi. Mu Task Manager pitani pa Performance, ndiyeno Memory. Mudzaona kukula kwa RAM, liwilo lake pa Speed, na masiloti amene ali na stiki pa Slots used. Ngati palembedwa 2 of 2, mulibe malo oonjezela. Muyenela kucotsa zakale n'kuikapo zikulu. Pulogilamu yaulele ya CPU-Z imaonetsa mtundu wa RAM pa Memory, na zimene zili m'siloti iliyonse pa SPD.

Njila yosanama ni kuŵelenga kapepala komatika pa stiki yeniyeniyo. PC3-12800U itanthauza DDR3 ya liwilo la 1600. PC3L ni DDR3 ya mavoti 1.35. PC4-2400T ni DDR4 ya 2400. Samalani na cilembo U kapena R: pa DDR3 cimatsatila manambala, pa DDR4 cimabwela pambuyo pa kamzele, monga PC4-2400T-U. U ni RAM ya kompyuta ya pa nyumba kapena mu ofesi. R ni ya ma seva, ndipo imapezeka yochipa pakati pa zakale zogulitsidwanso. Imaloŵa bwino-bwino m'siloti, koma kompyuta siyaka nayo. Wogulitsa akakupatsani ya R pamtengo wokoma, ibwezeni pomwepo.

Motherboard (thabwa lalikulu la m'bokosi pamene zipangizo zonse zimalumikizidwa) iliyonse ili na malile a RAM imene ingalandile, ndipo amalembedwa m'buku lake kapena pa webusaiti ya kampani imene inaipanga. Onaninso pa Settings, System, About, pa mzele wa System type. Windows ya 32-bit siiona RAM yopitilila 4 GB, ngakhale muikemo 16.

Ku nchito za mu ofesi, za kusukulu na intaneti, 8 GB ikwanila. Ngati mumatsegula mapeji ambili panthawi imodzi kapena kukonza zithunzi na mavidiyo, gulani 16 GB. Masitiki aŵili ofanana a 8 GB aposa stiki imodzi ya 16 GB, cifukwa purosesa imakamba nawo onse aŵili panthawi imodzi, zimene zimachedwa dual channel. Mukasakaniza ya 2400 na ya 3200, zonse zidzayenda pa 2400.

SSD ili m'maonekedwe aŵili. Ya SATA ya mainchi 2.5 ni kabokosi kopyapyala, kamaloŵa pafupi-fupi mu desktop iliyonse, ndipo liwilo lake limathela pa 550 MB pa sekondi. Ya M.2 ni kathabwa kakang'ono komangika pa motherboard penipeni. Yofala ni ya saizi 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi na 80 m'litali. Apa pali msampha. M.2 ni dzina la maonekedwe cabe. Zina mkati mwake ni SATA, zina ni NVMe (njila ziŵili zosiyana zokambilana na motherboard), ndipo si siloti iliyonse imene imalandila zonse ziŵili. Makompyuta ambili a mu ofesi a m'nthawi ya DDR3 alibe siloti ya M.2 n'komwe. Musagule SSD yocepela 256 GB. Kumbukilani kugula nthambo ya SATA, cifukwa kambili siikhala m'bokosi la SSD. Ngati SSD ni yoseŵenzetsako kale, ionani na pulogilamu ya CrystalDiskInfo mukali pa shopu: Health Status ionetse Good, ndipo Power On Hours idzakuuzani maola amene yaseŵenza.

Microsoft inaleka kuthandizila Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 ifuna TPM 2.0 (kacipangizo ka citetezo) na purosesa yatsopanoko. Kwa Intel, kuyambila m'badwo wa namba 8. Makina a DDR3 kambili ni akale kuposa pamenepa. Pa makina otelo, SSD ya SATA ni yoyenela kugula cifukwa mudzasamuka nayo kupita ku kompyuta ina. RAM ya DDR3 idzatsalila momwemo, conco musaonongelepo ndalama zambili.

Kutsegula bokosi

Kopelani mafailo anu ofunika pa flash kapena pa disk ina mukalibe kugwila ciliconse. Zimyani kompyuta, zulani nthambo ya malaiti kumbuyo, ndiyeno dinizani batani yoyatsila kwa masekondi 10 kuti mphamvu yotsalila ithe. Mukacotsa citseko ca m'mbali, jambulani mkati na foni. Cithunzico cidzakuthandizani pobweza nthambo.

Tumalaiti tuja tumene tumathetheka mukavula juzi m'nyengo yozizila ya June na July tukwanila kuwononga RAM, ndipo simudzamva kapena kuona ciliconse. Gwilani citsulo cosapentedwa ca bokosi mukalibe kugwila cipangizo, ndipo muzibwelezako. Seŵenzelani pa thebulo, osati pa bedi kapena pa kapeti. RAM na SSD ya M.2 muzigwile m'mbali, zala zisakhudze mapini a golide.

Power supply (kabokosi kamene nthambo ya malaiti imaloŵamo) musaitsegule, ngakhale yazulidwa ku malaiti. Ma capacitor a mkati amasunga mphamvu yoti ingavulaze munthu. Kumbuyo kwa zina zakale kuli kaswichi kofiila kolembedwa 115 na 230. Malaiti a m'Zambia ni a mavoti 230 pa 50 Hz, conco kazikhala pa 230. Makina ocokela ku America angabwele kali pa 115; mukawayatsa conco, power supply imapsa nthawi yomweyo.

Popeza mwatsegula kale, cotsani fumbi. Fumbi la August mpaka October limatseka tumipata twa heatsink (citsulo cozizilitsa purosesa), ndipo kutentha kwa October kumapeza kompyuta isakupuma. Seŵenzetsani bulawa kapena bulashi yofeŵa youma, mutagwila fani na cala kuti isazungulile.

Kuika RAM

Kankhilani kunja tumakilipi twa kumapeto kwa siloti. Ma motherboard ena ali na kakilipi mbali imodzi cabe. Mbali inayo siitseguka, musaithyole. Linganizani kampata ka pa stiki na kanthu kotumphuka ka m'siloti. Kampatako sikali pakati peni-peni, conco stiki imaloŵa njila imodzi cabe. Ikani zala zazikulu ziŵili kumapeto onse, kanikizani molunjika pansi mpaka tumakilipi tudzitseke tokha na kulila kuti khethe. Pafunika mphamvu yoculukilapo kuposa mmene ambili amaganizila. Mukatseka kakilipi na dzanja stiki isanafike pansi, idzaoneka monga yakhala koma mapini ena sanagunde. Yang'anani m'mbali: mapini a golide asaonekele kumbali ina kuposa inzake.

Ngati masiloti ni anayi ndipo masitiki ni aŵili, musawaike moyandikana. Pa ma motherboard ambili malo ake ni siloti yaciŵili na yacinayi kucokela ku purosesa, zolembedwa A2 na B2. Makina a Dell na HP kambili amasiyanitsa masiloti na mitundu kapena manambala. Ikani m'masiloti aŵili a mtundu umodzi, kuyambila pa namba 1.

Kuika SSD

Ya SATA ifuna nthambo ziŵili. Yaing'ono ya mapini 7 imacokela pa motherboard, ndipo ni bwino kuiika pa doko la namba yocepetsetsa, SATA0 kapena SATA1. Yaikulu ya mapini 15 imacokela ku power supply. Zonse zili na kamwa yooneka monga cilembo L, conco sizilowa cozondoka. Loŵetsani na kuzula molunjika. Mukakokela m'mbali, kapulasitiki ka pa SSD kamathyoka ndipo sikakonzeka. Ngati bokosi lili cabe na malo a mainchi 3.5, gulani kacitsulo kolinganizila. SSD ilibe cozungulila mkati, conco ngakhale kuimanga na cable tie kulibe vuto, malinga isagunde fani.

Ya M.2 iloŵetseni yopendekeka pa madigili pafupi-fupi 30, itsitseni pang'ono-pang'ono, n'kuimanga na kasikuluu kake pa kamzati kolembedwa 80 kapena 2280. Ngati pali civindikilo coziziritsa, matulani kapulasitiki ka pa thermal pad yake. Pa ma motherboard ena, kuika M.2 kumazimya doko limodzi kapena aŵili a SATA. Hard disk yakale ikasoŵa mwadzidzidzi, samutsilani nthambo yake pa doko lina.

Kuti liwilo lioneke, Windows ifunika kukhala pa SSD. Njila yoyela ni kuiika cabe yatsopano kucokela pa flash ya 8 GB kapena kuposapo, yokonzedwa na Media Creation Tool ya Microsoft. Poika, zulani nthambo ya hard disk yakale. Mukaisiya, Windows ingaike mafailo oyambitsila pa disk yakaleyo, ndipo tsiku limene mudzaicotsa kompyuta idzakana kuyamba. Mukangoyatsa kompyuta, menyu yosankhila flash imatseguka na F12 pa Dell na F9 pa HP. BIOS (menyu ya motherboard imene imatseguka Windows isanayambe) imatseguka na F2 pa Dell, F10 pa HP, na Delete pa ma motherboard ambili ogula paokha. Mu BIOS, SATA mode ikhale pa AHCI mukalibe kuika Windows. Mukasintha pambuyo pake, mudzapeza sikilini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE.

SSD yoikidwa monga disk yaciŵili siionekela yokha mu File Explorer. Tsegulani Disk Management, sankhani Initialize Disk, GPT, ndiyeno New Simple Volume. Ya 256 GB idzaonetsa 238 GB, ya 512 GB idzaonetsa 476 GB. Sanakubeni, opanga ma disk na Windows amaŵelengela mosiyana.

Ikakana kuyaka

Ikani cinthu cimodzi, yatsani, onani, ndiye muike cina. Mukasintha RAM na SSD panthawi imodzi ndipo sikilini yakhala yakuda, simudzadziŵa colakwa.

Ngati palibe nyali kapena fani imene yayenda, yambilani kunja: soketi ya pa cipupa, fyuzi ya m'pulagi ya mano atatu, na swichi ya kumbuyo kwa power supply, imene ifunika kukhala pa I. Ndiyeno kanikizani nthambo yaikulu ya mapini 24 na ya mapini 4 kapena 8 ya pafupi na purosesa. Tunthambo tung'ono twa batani yoyatsila tumazuka mosavuta dzanja likapitapo. Yelekezelani na cithunzi ca pa foni.

Ngati mafani azungulila koma monita siionetsa kanthu, kambili ni RAM imene siinakhale bwino. Zulani malaiti, cotsani masitiki onse, ikani imodzi cabe, yatsani. Ikakana, yesani stiki imodzimodziyo m'siloti ina, ndiyeno stiki inzake. Mwa njila iyi mudzadziŵa ngati yakufa ni stiki kapena siloti. Pa makina a DDR5, kuyatsa koyamba kungatenge mamineti angapo sikilini ili yakuda, pamene motherboard ikuyesa RAM yatsopano; musazimye mwamsanga. Ngati muli na graphics card, nthambo ya monita iloŵe pa card, osati pa motherboard. Kulila kwa mabipu kapena kuphethila kwa nyali kuli na tanthauzo, koma limasiyana malinga na wopanga. Ŵelengani kuti yalila kangati, ndipo muone m'buku la makina anuwo.

Zonse zikakanika, cotsani kabatili kozungulila ka pa motherboard, ka CR2032 ka mavoti 3, kwa mamineti asanu malaiti ali ozula, n'kukabweza mbali ya + ili kumwamba. BIOS idzabwelela pa zimene inabwela nazo, conco onaninso AHCI na dongosolo la boot (disk imene kompyuta iyambilapo). Kompyuta imene imaiŵala deti na nthawi malaiti akapita ifuna kabatili katsopano.

Vuto lovutitsa kwambili ni la kompyuta imene imayaka bwino koma n'kumaonetsa sikilini ya buluu nthawi zina. Dinizani batani ya Windows na R, lembani mdsched, kuti Windows iyese RAM. MemTest86 yoyambila pa flash imayesa mozama, ndipo ni bwino kuisiya usiku wonse. Colakwa ngakhale cimodzi citanthauza kuti pali vuto. Ngati munayatsa XMP kapena EXPO mu BIOS kuti RAM ithamange, izimyeni na kuyesanso. Zolakwa zikapitiliza, yesani masitiki imodzi-imodzi n'kubweza yolakwayo kumene munagula.

Kompyuta imene imazima yokha pakapita mamineti ocepa yatentha. Onani ngati nthambo ya fani ya purosesa ikali pa CPU_FAN, komanso ngati heatsink sinagwedezeke. Mukainyamula, pukutani thermal paste yakale na isopropyl alcohol, ndipo ikani yatsopano pakati pa purosesa, kadontho kolingana na njele ya nandolo.

Malaiti akazima pamene SSD ikulemba, mafailo angawonongeke ndipo Windows ingakane kuyamba. UPS (kabokosi ka batili kosunga malaiti) yaing'ono imakupatsani mamineti okwanila kusunga nchito na kuzimya bwino. Ngati mulibe, zulani pulagi malaiti akapita, ndipo akabwela yembekezani mamineti ocepa kuti akhazikike. M'nyengo ya mvula, mukamva ziphaliwali pafupi, zulani pulagi pamodzi na nthambo ya netiweki yocokela ku rauta, cifukwa mphezi imaloŵelanso kumeneko.