Njinga tiziimika pati m'tauni? Malangizo kwa makhonsolo ndi makomiti a misika

Mukafika pa msika waukulu wa Lilongwe, wa Zomba kapena wa Mzuzu cha m'ma 7 koloko m'mawa, yang'anani pansi pa mitengo, pa mipanda ya waya ndi pa mapolo a magetsi. Mupeza njinga zatsamira paliponse, zina zomangidwa tcheni, zina mphira, zina eni ake angouza mayi wogulitsa mandasi kuti, "Amayi, mundionereko, ndikubwera pompano." Galimoto ili ndi malo ake olembedwa ndi penti, koma njinga yomwe yabweretsa tomato, makala, mwana wa sukulu ndi wodwala ilibe poima. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa munthu akabedwa njinga, watayanso geni yake ndi chakudya cha ana. Malangizo awa ndikupereka kwa inu makhansala, akuluakulu a misika, oyendetsa zipatala ndi sukulu, komanso eni masitolo amene mukufuna kukonza malo oimikapo njinga zakapalasa.

Musathamangire kugula zitsulo. Ntchito yoyamba ndi kuwerenga njinga pamalo pamene anthu akuzisiya kale. Tumani achinyamata awiri kapena atatu ndi kope ndi cholembera, awerenge m'mawa, masana ndi madzulo kwa sabata yathunthu, kuphatikizapo tsiku la msika ndi masiku otsatira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Alembe kuti njinga ili pati, yakhala nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati ili ndi katundu kapena ayi. Pamene njinga zaunjikana zokha, anthu akuuzani kale pamene akufuna malo awo. Pa nambala yaikulu imene mwapeza onjezanipo gawo limodzi mwa magawo asanu, chifukwa malo akakhala abwino, amene amasiya njinga kunyumba poopa akuba nawonso ayamba kubwera nazo.

Powerengapo mudzaona kuti oimika njinga sali amodzi. Pali wongodutsa, wolowa ku banki, ku famase kapena kogula mbewu, amene akhala mphindi zochepa. Ameneyu akufuna malo pafupi ndi khomo, osapitirira mamita 25 ngati nkotheka. Mukamuikira kuseri kwa nyumba, adzawasiya malo anuwo opanda kanthu n'kukamanga njinga yake pa polo ya pakhomo monga kale. Pali wa tsiku lonse, monga wogwira ntchito, mwana wa sekondale, wogulitsa mumsika ndi wodikirira wodwala ku chipatala. Ameneyu akhoza kuyendako pang'ono ndi miyendo, bola njinga yake ili pa mthunzi, pansi pa denga ndiponso pali munthu woyang'anira. Ndiye pali akabaza, omwe ku Mzuzu amawatchula kuti a Sacramento. Iwo saimika njinga n'kuchoka, amakhala pompo kudikira makasitomala, kotero chimene akufuna ndi siteji yokhala ndi polowera ndi potulukira, yosatseka msewu. Musawaphatikize ndi enawo. Khalani pansi ndi wapampando wa siteji yawo mugwirizane malire, chifukwa iwo ndi amene akudziwa kumene anthu amatsikira minibasi ndi kumene amalowera.

Posankha malo, funsani ngati munthu angaione njinga yake ali m'sitolo, kapena ngati odutsa akuiona. Wakuba amakonda pobisika. Onaninso kuti njinga zikaima, mayi wosenza dengu, munthu wa pa njinga ya olumala ndi wosaona woyenda ndi ndodo ali ndi podutsa. Musaike pamwamba pa ngalande kapena pamalo otsika. Pitani mukaone malowo mvula itangogwa kumene, mu Januwale kapena Febuluwale, chifukwa malo ooneka bwino mu Ogasiti nthawi zina amasanduka thamanda. Ngati pali mtengo wa mthunzi, usiyeni, konzani malowo mouzungulira.

Tsopano za chitsulo chenicheni, pomwe ndalama zambiri zimaonongekera. Mwina mwaonapo zoimikira zina zazifupi zokhala ndi timipata tolowetsamo tayala lakutsogolo. Zimenezo musagule. Zimagwira tayala lokha, ndiye njinga ikakankhidwa kapena ikalemedwa mbali imodzi, limu imapindika ndipo masipokosi amathyoka. Komanso wakuba amangomasula manati awiri, n'kusiya tayala lili ndi loko wake, njinga yapita. Chabwino ndi paipi yopindidwa ngati chilembo cha U chozondoka, miyendo yake iwiri yozikika pansi. Ku Britain amachitchula kuti Sheffield stand, potengera mzinda wa Sheffield. Njinga imatsamira thupi lonse pa chitsulocho, mwini wake amamanga felemu pamodzi ndi tayala, ndipo chitsulo chimodzi chimasunga njinga ziwiri, ina mbali iyi, ina mbali inayo.

Wowotcherera aliyense wodziwa ntchito, wa ku Mchesi, ku Ndirande kapena pa boma lililonse, akhoza kupanga chitsulo chimenechi mukamupatsa miyeso. Paipi ikhale yokhuthala, ya mamilimita pafupifupi 50 m'mimba mwake, makamaka yosachita dzimbiri ngati ya madzi ija. Kutalika kuchokera pansi kukhale masentimita 75 mpaka 80, ndipo pakati pa miyendo iwiri pakhale masentimita 70 mpaka mita imodzi. Miyendoyo ilowe pansi masentimita 30 m'dzenje lothiramo konkire, ndipo kumapeto kwa mwendo uliwonse awotcherereko kachitsulo kopingasa kuti munthu asathe kuzula. Ine ndimalangizanso kuthira konkire m'kati mwa paipi, popeza sowo ya zitsulo imafa mano ikafika pa simenti, ndipo ogula zitsulo zakale sachita nayo chidwi paipi yotere. Mitengo imathandiza poyamba pamene ndalama palibe, koma chiswe ndi chikwanje siziisiya nthawi yaitali.

Mabuku a kunja amati zitsulo zitalikirane mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo njinga imodzi imafuna malo otalika pafupifupi mamita awiri, kumbuyo kwake kukhale njira ya mamita awiri yotembenukira. Miyeso imeneyi njabwino pa njinga yopanda katundu. Koma njinga yathu ya kuno njosiyana. Kaliyala yake ndi yowotcherera, yotambalala, nthawi zina ili ndi thabwa kapena khushoni, ndipo imanyamula matumba a makala, mabasiketi a nsomba, zigubu za mkaka kapena mitolo ya nzimbe zotulukira uku ndi uku. Njinga za Buffalo zimene mumaziona m'midzi anazipanga kuti kaliyala yake izinyamula makilogalamu 100. Njinga yotere siingalowe pa mpata wa mita imodzi. Choncho pa msika patulani mzere wina wa njinga zakatundu, zitsulo zake zitalikirane mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, ndipo ukhale pafupi ndi chipata chotsitsira katundu, osati cholowera ogula. Pansi pakhale pofanana bwino, popanda sitepe, chifukwa munthu wokankha matumba atatu sangakweze njinga pa chiunda cha simenti. Ichi ndicho chimaiwalika kawirikawiri mapulani akajambulidwa muofesi ndi munthu amene sanakankhepo njinga yolemedwa.

Pansi mukhoza kuyala njerwa zootcha, miyala ya kwale yotsendera bwino kapena konkire, potsetsereka pang'ono kuti madzi azitsika. Pa malo a tsiku lonse ikani denga la malata. Dzuwa la mu Okutobala limaononga matayala ndi chishalo, mvula imabweretsa dzimbiri pa tcheni. Babu limodzi la sola lithandiza amene amaweruka kutada.

Ena adzanena kuti m'tauni malo ndi ochepa. Malo oimikapo galimoto imodzi amakwana njinga zisanu ndi zitatu kapena khumi. Mwini sitolo akapereka malo a galimoto imodzi, walandira makasitomala khumi m'malo mwa mmodzi. Mzinda wa Utrecht ku Netherlands unamaliza mu 2019 nyumba yosungiramo njinga 12,500 pa siteshoni ya sitima, ndipo maola 24 oyamba munthu salipira kanthu. Ife sitikufuna nyumba yotero, koma tionepo zinthu ziwiri: anaika malowo pamene anthu amasinthira ulendo, ndipo sanafune kupeza phindu pa wokwera njinga. Kwa ife malo oterewa ndi madepoti a basi, masiteji a minibasi, zipata za zipatala ndi misika.

Kwathu kuno chitsulo chokha sichikwanira, pafunika munthu. Ambiri alibe loko wolimba, ndipo katundu wa pa kaliyala sakhomeka. Pa malo a tsiku lonse ikani mlonda wodziwika, wovala chomuzindikiritsa, wokhala ndi matikiti a manambala awiriawiri: ina imangidwe pa handulo, inayo atenge mwini njinga. Popanda tikiti njinga isatuluke, mpaka mwini wake atafotokoza bwino pamaso pa komiti. M'kope la mlonda muzilembedwa nambala ya felemu, yomwe pa njinga zambiri imapezeka kunsi kwa pamene pali mapedulo kapena pansi pa chishalo. Ngati pali malipiro, akhale ochepa kwambiri, otsika kuposa a galimoto, olembedwa poyera pa chikwangwani, ndipo munthu alandire lisiti. Mukakweza mtengo, njinga zibwerera ku mitengo ndi ku mipanda. Pa chipatala ndi pa sukulu ndikupempha kuti pasakhale malipiro konse, mlondayo alipidwe ndi bungwe lomwelo. Mukalola wokonza njinga kukhala pambali ndi pampu ndi zomatira machubu, mwapeza maso ena aulere, iyenso wapeza makasitomala.

Inu a khonsolo muli ndi mphamvu yopanga malamulo a m'dera lanu pansi pa lamulo la maboma ang'ono la 1998, ndipo mapulani a nyumba zatsopano amadutsa m'manja mwanu. Pamene mukufunsa womanga sitolo yaikulu, tchalitchi kapena ofesi kuti galimoto ziziima pati, mufunseninso za njinga, ndipo malowo aoneke pa pulani asanayambe kukumba maziko. Kuika zitsulo nyumba ikumangidwa n'kotchipa kuposa kudzaswa konkire pambuyo pake.

Yambani pang'ono, zitsulo khumi pa malo amodzi amene munapeza njinga zambiri. Tsiku lotsegulira itanani akabaza ndi a mumsika, muwaonetse kamangidwe kake, tcheni idutse pa felemu, pa tayala lakumbuyo ndi pa chitsulo. Pakatha miyezi itatu tumaninso achinyamata aja ndi kope lawo. Ngati zitsulo zikudzaza, onjezani zina pambali pake. Ngati zili zopanda kanthu pamene njinga zikadali pa mpanda, pitani mukafunse eni njingazo chimene chikuwaletsa, kenako musamutse zitsulozo mvula isanayambe.