Mmene ndinalumikizira Windows 10 ndi kompyuta yakale ya Windows XP m'sitolo

M'sitolo yathu ya mbewu ndi feteleza ku Ulongwe, m'boma la Angonia, kaundula wa katundu amasungidwa pa kompyuta ya Windows XP. Laputopu ya Windows 10 itabwera, inkalephera kutsegula foda ya kaundulayo ndipo inkaonetsa uthenga wa vuto wa nambala 0x80070035. Kusintha waya ndi kuzimitsa firewall (pulogalamu yotchinga kulumikizana kosaloledwa) sikunathandize.

Gwero la vutoli ndi SMB, njira imene makompyuta a Windows amapatsirana mafayilo. XP imadziwa SMB1 yokha (mtundu wakale wa SMB), pamene Windows 10, kuyambira mu 2017, imabwera yopanda njira imeneyi kapena imaichotsa yokha ikapanda kugwiritsidwa ntchito kwa masiku 15.

Pa laputopu ndinalemba optionalfeatures m'bokosi la Run, lamulo limene limagwira ntchito ngakhale Windows ili m'Chipwitikizi, ndipo pa mndandanda umene unatseguka, pansi pa SMB 1.0/CIFS, ndinachonga Client (mbali yotsegula mafayilo a pa kompyuta ina) yokha, osati Server (mbali yopereka mafayilo kwa makompyuta ena). Pa XP ndinatsegula akaunti yokhala ndi pasiwedi, ndinaika adiresi yosasintha ya kompyutayo pa netiweki, 192.168.1.10, kenako foda inatseguka nditalemba \\192.168.1.10 pa laputopu.

Chofunika kwambiri n'chakuti SMB1 ndi yoopsa, chifukwa vairasi ya WannaCry inafalikira kudzera m'njira imeneyi mu 2017, ndipo XP inasiya kuthandizidwa ndi kampani ya Microsoft mu 2014. Choncho poika adiresi ija ndinasiya malo a gateway ndi DNS (zimene kompyuta imafunika kuti ipite pa intaneti) opanda kanthu, kuti XP izilankhula ndi laputopu koma isamafike pa intaneti. Kupatula waya uja, sindinagule chilichonse.