Mwana wochedwa kuyankhula, womva movutikira kapena wokanika kuwerenga: momwe mungamuthandizire pakhomo

Pa Chichewa mawu oti "wosamva" amaimira zinthu ziwiri: mwana wamwano, ndi mwana amene makutu ake sakugwira bwino ntchito. M'midzi ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, alipo ana amene amalawa chikwapu cha mwano pomwe vuto lawo lili m'khutu. Mwana amayamba wamva liwu, kenako amaphunzira kulitchula, pomaliza amalizindikira likalembedwa. Nchifukwa chake ntchito yomuthandiza iyenera kutsata njira yomweyo: khutu, pakamwa, kenako pepala.

Yambani ndi khutu

Musanaphunzitse chilichonse, dziwani ngati mwanayo akumva. Kumenyetsa chitseko kapena kuponda pansi mwamphamvu si kuyesa, chifukwa ngakhale mwana wosamva konse amatembenuka akamva kugwedezeka m'thupi kapena akaona chithunzithunzi chanu.

Kwa mwana wa zaka 3 kupita m'tsogolo, chitani motere. Sankhani nthawi yabata, wailesi itazimitsidwa. Ikani pamphasa zinthu 4 zimene amazidziwa mayina: kapu, supuni, mpira, nsapato. Khalani kumbuyo kwake, pamtunda wa mkono umodzi, kuti asaone milomo yanu. Mutsekeni khutu lake limodzi ndi chala, tulutsani mpweya kaye, ndiye munong'one kuti "ndipatse supuni". Yesani maulendo 6 khutu lililonse, mukusinthasintha zinthuzo. Akaphonya kawiri kapena kuposa, bwerezani mawa lake. Zikachitikanso, pitani naye ku Centro de Saúde, chipatala chaching'ono cha kwanuko. Mayeso apakhomowa amangokutsegulani maso, woyeza weniweni ndi wachipatala.

Potenga khadi lake la sikelo, kumbukiraninso matenda amene anadwalapo ndipo muwatchule: malungo aakulu okomoka nawo, matenda oumitsa khosi, chikuku, chikasu atangobadwa, kapena kubadwa masiku asanakwane. Onsewa amatha kuwononga kamvedwe.

Chofala kwambiri, chimenenso timachipeputsa kwambiri, ndi khutu lotuluka mafinya. Mafinya akapitirira masiku 14, nthawi zambiri kachikopa ka m'kati mwa khutu kamakhala kabooka, ndipo mwana amamva ngati munthu amene watseka makutu ndi zala. Mankhwala odonthezera akuchipatala sagwira ntchito m'khutu lodzaza, choncho liumitseni kaye. Potani kansalu koyera kofewa ngati chingwe cha nyali, kalowetseni pang'ono, kanyowe, kachotseni, ikani kena mpaka katuluke kouma. Chitani zimenezi katatu patsiku, kenako donthezani mankhwalawo. Machesi, nthenga, mafuta ophikira, madzi a masamba ngakhale mkaka wa m'mawere zisalowe m'khutumo, ndipo mwanayo asasambire kumtsinje mpaka litauma. Kuseri kwa khutu kukatupa n'kumapweteka, musagone naye kunyumba, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kodi wachedwadi?

Ana sathamanga liwiro limodzi, komabe pali zizindikiro zodalirika. Pofika miyezi 9 khanda limakhala likubwebweta "bababa", "mamama". Akamakwanitsa chaka amatchula mawu oyamba ndi kuloza zinthu. Pa zaka 2 amaphatikiza mawu awiri, monga "mama madzi". Pa zaka 3 mlendo amamva zambiri zimene akunena, pa zaka 4 pafupifupi zonse. Mwana amene wafika miyezi 18 alibe mawu, saloza ndiponso satembenuka mukamuitana dzina, kapena amene wataya mawu amene ankawatchula kale, apite kuchipatala osadikira. Mawu oti "atate akenso anachedwa" achedwetsa thandizo la ana ochuluka.

Chonde musamudulitse pansi pa lilime kwa anthu a m'mudzi. Kamtsempha kameneko si kamene kamachedwetsa mawu kubwera, ndipo lezala limasiya magazi ndi chilonda pamalo ovuta kusamala.

Kumasula pakamwa: mphindi 15 tsiku lililonse

Simukusowa zoseweretsa zogula. Nthawi yosambitsa, yokonola chimanga kapena yosankha mbatatesi ndiyo kalasi yake.

Khalani pansi, nkhope yanu ifanane msinkhu ndi yake. Onani chimene iye akuyang'ana, mutchule chimenecho, osati chimene inu mukufuna. Ngati maso ake ali pa nkhuku, nenani "nkhuku", ndiye mukhale chete n'kuwerenga chamumtima mpaka 10. Kudikiraku ndi kumene kumavuta akuluakulu. Timafulumira kudzaza mpata, mwana asanasonkhanitse mawu ake.

Akatulutsa liwu limodzi, mubwezereni mutawonjezerapo limodzi lokha. Iye: "madzi". Inu: "madzi ozizira". Iye: "galu apo". Inu: "galu wagona apo". Mukamupatsa chiganizo cha mawu 10, amangomva phokoso.

M'malo momufunsa funso loyankha ndi mutu, mupatseni zoti asankhe mutazigwira m'manja: "Ufuna phala kapena nthochi?" Akaloza, tchulani dzina lake, dikirani pang'ono, mupatseni. Musamumane chakudya kuti ayankhule.

Akalakwitsa katchulidwe, osamuuza kuti "nena bwino". Akati "tapu", inu muti, "Eya, kapu. Kapu yako iyi." Wamva cholondola kawiri popanda kuchita manyazi. Kusintha k kukhala t n'kwachibadwa kwa ana aang'ono, koma kukapitirira zaka 4 ndi bwino kukamuonetsa kuchipatala.

Pali zinthu zitatu zimene zimabwezera ntchitoyi m'mbuyo. Choyamba ndi achemwali ndi achimwene ake amene amamuyankhulira. Auzeni mwachikondi kuti nawonso azidikira. Chachiwiri ndi foni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Foni imayankhula koma siyankha mwana. Chachitatu ndi mantha a zilankhulo. Makolo ena amasiya Chichewa n'kuyamba kumuyankhula Chipwitikizi chochepa chimene akudziwa, poganiza kuti zilankhulo ziwiri zikumusokoneza. Zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana. Muyankhuleni chimene inu mumachidziwa mpaka pansi, chimene mumaimbira ndi kusekera, chifukwa m'menemo ndi momwe muli mawu ochuluka oti mumupatse.

Za chibwibwi: chimakonda kuyamba pakati pa zaka 2 ndi 5, ndipo kwa ana ambiri chimatha chokha. Musamumalizire mawu, musamuuze kuti "puma kaye", ndipo musalole anzake kumuyeserera. Inuyo yankhulani modekha, mumvetsere chimene akunena. Chikapitirira miyezi 6, kapena akayamba kuopa kuyankhula, funani thandizo.

Amamva, koma mawu sakhala

Alipo mwana amene kuchipatala anena kuti makutu ali bwino, koma mukamutuma mchere amabwera ndi machesi. Panyumba pakakhala phee amamva, pamsika wa ku Ulónguè kapena m'kalasi ya ana ochuluka amangoti kakasi. Khutu likulandira, koma ubongo ukuchedwa kusefa mawu pakati pa phokoso. Akatswiri amatsimikiza vutoli mwana akafika zaka pafupifupi 7, koma kumuthandiza kumayamba lero.

Osamutuma muli kukhitchini iye ali pabwalo. Muyandikireni, mutchule dzina, adzutse maso, ndiye munene chinthu chimodzi: "Tenga ndowa." Muuzeni abwereze ndi pakamwa pake asananyamuke. Akamakhoza chimodzi kwa sabata yathunthu, onjezani chachiwiri: "Tenga ndowa, uike pakhonde." Chachitatu chibwere pambuyo. Akapanda kumva, bwerezani mawu omwewo pang'onopang'ono. Kukuwa kumapotoza mawu, ndipo kusintha chiganizo kumamupatsa ntchito yatsopano asanamalize yoyamba.

Chichewa chili ndi mawu abwino osulira khutu, osiyana ndi kampweya kokha: pala ndi phala, kola ndi khola, ponya ndi phonya. Ikani kanthenga kutsogolo kwa milomo yanu. Pa "phala" kamavina, pa "pala" kamangokhala. Aone, ayese yekha, kenako mubise pakamwa panu ndi pepala kuti asiyanitse ndi khutu lokha. Madzulo agogo akamayamba nthano kuti "Padangotero", iye n'kumavomera "Tili tonse", akuphunzira kudikira, kumvetsera ndi kulowa pa nthawi yake. Nthano ikatha mufunseni kuti kalulu anayamba wachita chiyani, kenako chiyani.

Kuwerenga kumayambira pakamwa

Mwana wa kalasi yachiwiri kapena yachitatu amene amaloweza tsamba lonse koma osatha kuloza liwu limodzi si waulesi. Nthawi zambiri sanagwire mfundo yoti mawu amaduka m'zidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chili ndi malembo ake. Muyezetseni maso kaye, kenako yambani, buku lisanatsegulidwe.

Sabata ziwiri zoyamba zikhale za m'manja ndi timiyala. Ombani m'manja podula mawu: nyu-mba kawiri, mba-ta-ta katatu. Aike kamwala pa chidutswa chilichonse. Kenako chotsani kamwala koyamba mumufunse: "Chimanga tikachotsa chi, chatsala n'chiyani?" Akati "manga", wagwira. Funaninso zinthu zapakhomo zoyamba ndi liwu limodzi: moto, mutu, mano.

Tsopano malembo. Yambani ndi a, e, i, o, u, kenako m, t, k, n, l, osapitirira malembo atsopano 2 pa sabata. Phunzitsani kamvekedwe ka lembo, "mmm", osati dzina lake, chifukwa mwana amene waphunzira "eme" ndi "a" amawerenga "emea" m'malo mwa "ma". Alembe lembolo lalikulu pamchenga ndi chala akulitchula mokweza, aliumbe ndi dothi, mumulembere pamsana alote. Dzanja, diso, khutu ndi pakamwa zikagwirira pamodzi, lembo limakhazikika.

Tolani zitsekerero za mabotolo 25, mulembe phatikizo limodzi m'chilichonse: ma me mi mo mu, ta te ti to tu, mpaka la le li lo lu. Ikani "mo" ndi "to" motalikirana, azikankhe ndi chala kuti zikumane uku akutchula, mpaka amve yekha kuti "moto". Ndi zitsekerero zomwezo apanga mutu, mano, malo, tulo, kama, kalata. Tsiku limene awerenge liwu limene sanalilowezepo, muitane a pakhomo onse adzamve.

Malembo ophatikizana abwere pambuyo, limodzilimodzi: mb, nd, ny, kh, ph, th, ndipo pomaliza nkh, mph, nth, dz, ts. Patulani tsiku la ng ya mu "ngoma" ndi ng' ya mu "ng'ombe". Kusokoneza b ndi d n'kofala mpaka zaka 7. Musawaphunzitse sabata imodzi, limodzi likhazikike kaye. Akayamba kungolota liwu poona lembo loyamba, phimbani liwulo ndi chala, muzitsegula phatikizo limodzi limodzi.

Mphindi 15 zowerenga tsiku lililonse zigawidwe motere: 5 kubwereza zadzulo, 5 chatsopano, 5 kuwerenga kankhani ka mizere 3 kapena 4 kamene mwalemba nokha ndi malembo amene akuwadziwa. Kankhani komweko akawerenge masiku 3 kapena 4. Lekezani pa chimene wakhoza, asanatope. Ola lathunthu Loweruka lokha silifanana ndi mphindi 15 za tsiku ndi tsiku.

Mwana wa kuno ku Tete ali ndi katundu wina amene mnzake wa ku Dedza alibe: lembo limodzi limamveka mosiyana kunyumba ndi kusukulu. Ch ya mu "chimanga" si ch ya mu liwu la Chipwitikizi loti "chuva". Liwu limene ife timalemba ny mu "nyumba", Chipwitikizi chimalemba nh mu "galinha". C imamveka k mu "casa", s mu "cebola", pomwe mabuku a Cinyanja osindikizidwa m'dziko muno amaigwiritsa ntchito pamene a ku Malawi amalemba ch. Sungani zitsekerero za zilankhulo ziwirizi m'zitini ziwiri, ndipo muzimuuza poyamba kuti lero tikuwerenga chiti. Komanso akasokoneza l ndi r m'Chipwitikizi, si chilema cha lilime. Pa Chichewa awiriwa sasintha tanthauzo la mawu, choncho khutu lake likungofunika kuzolowera.

Kusukulu ndi kuchipatala

Maphunziro a zilankhulo ziwiri anayesedwa koyamba m'chigawo chino ndi Cinyanja pakati pa 1993 ndi 1997, ndipo kuyambira 2003 analowa m'sukulu zina za boma. Funsani aphunzitsi aakulu ngati kalasi yotere ilipo pafupi, chifukwa mwana wovutika kuwerenga amagwira msanga m'chilankhulo chimene amamva. Kwa aphunzitsi ake pemphani zinthu zochepa zotheka: akhale kutsogolo kutali ndi khomo, khutu lomva bwino liloze kwa iwo, amuyang'ane poyankhula, ndipo asamuimiritse kuwerenga pamaso pa anzake asanakonzeke.

Sungani kope laling'ono, muzilemba tsiku, chimene mwachita ndi mawu kapena malembo atsopano. Miyezi 3 ikatha osaona kusintha, tengani kopelo ndi khadi la sikelo, mupemphe ku Centro de Saúde kalata yokutumizani ku Hospital Provincial de Tete, mukafunse za kuyeza makutu ndi makina komanso za terapia da fala, thandizo la akatswiri ophunzitsa kuyankhula. Mumzinda wa Tete mulinso Centro de Recursos de Educação Inclusiva, kumene amaphunzitsa ana a zosowa zapadera. Zikadziwika kuti mwanayo samva kwenikweni, yambani msanga chilankhulo chamanja, ndipo asaphunzire yekha: amayi, abambo ndi abale ake aphunzire naye, kuyambira ndi zizindikiro za madzi, chakudya, kupweteka ndi mayina a anthu a pakhomo.